Chilembo cha Pansi pa Sikelo

Tadala ndi Mphatso, ana anga, mutu uno ndaulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mudzapunthwa pa mzere uliwonse, koma nkhaniyi m'Chingelezi simveka. Ndinayesapo kuifotokozera mzungu wina wa kutchalitchi kwathu, iye anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga osangovomera bwanji?" Choncho mukapeze munthu wakwathu akuwerengereni mofatsa. Za ubwana wanga ndazidumpha, mulibe china koma njala ndi ming'alu ya kumapazi. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba ya kuno ku Canada, ndi pa benchi ina yogwirirapo ntchito, ya pawindo, imene ndinaikhumba kuposa chilichonse chimene ndinakhumbapo pa moyo wanga.

1972

Ku North York tinabwera chifukwa cha mayi anu. Iwo ndi amene anapeza malo a unamwino, ine ndinangotsagana nawo ngati sutikesi. Kwathu ndinali munthu. Ku Limbe ndinali kapitawo m'shopu yokonza masikelo a fodya ndi a m'misika, ndipo ndikalowa anyamata ankasiya zocheza. Kuno ndinatha miyezi ndikuonerera sinowo pawindo la fulati, mpaka tsiku lina mayi anu anabwera ndi nyuzipepala atazunguliza kachilengezo ndi bolopeni. Shopu ina yaing'ono kuseri kwa magalaja inkafuna munthu wodziwa masikelo. Mwini wake anali Bambo Brenner, mkulu wamtali, wa nsidze zambiri, wosakonda zolankhulalankhula. Sanandifunse mapepala. Anandiikira patsogolo kasikelo kobiriwira kokwana m'manja awiri, n'kunena kuti, "Aka kakunama. Ndiuze chifukwa chake." Ndinanyamula kamtanda kake n'kuona kuti kampeni kamene mtandawo umatsamirapo kabuntha mbali imodzi. Nditawauza anangoti, "Ubwere Lolemba."

Ntchito yake ndiyenera kuifotokoza, chifukwa inu mumangodziwa kuti bambo anu ankagwira za mfuti, zimene si zoona. Ine mfuti sindinawombepo chibadwire, ndipo sindiikonda. Nkhani ndi yakuti kuno alenje ambiri, pamodzi ndi anthu amene amapikisana kuwombera chandamale, sakonda zipolopolo za m'sitolo. Akawomba amatola chigoba cha mkuwa cha chipolopolocho n'kukachidzazanso okha kunyumba. Tsono kuti zipolopolo zonse zizikagwera malo amodzi, zimafunika kufanana pa chilichonse: kutalika kwa chigoba, kulemera kwa wonga, ndi mmene mutu wa chipolopolo walowera. Zikasiyana pang'ono zimabalalika. Wonga ukachuluka, mfuti itha kumuphulikira munthu kumaso. Ife tinkapanga zida zoyezera zinthu zimenezo. Tinkasula timageji tachitsulo toyezera kutalika kwa chigoba, tinkakonza makalipa ndi mamaikolomita, zida zimene zimapana chinthu n'kukuuza kunenepa kwake ngakhale chikhale tsitsi limodzi. Koma chimene shopu inkadziwika nacho chinali masikelo a wonga. Wonga amauyeza m'magireni, ndipo gireni ndi kanthu kopepuka moti ukangopumira pafupi, singano ya sikelo imagwedezeka. Ine wozolowera mabelo a fodya ofuna amuna awiri kunyamula, sabata yoyamba ndinkaopa ngakhale kutsokomola.

M'shopumo tinalimo atatu. Ine ndinkanola timipeni ndi kudula mizere pa mitanda. Mayi Tereza, mzimayi wachipwitikizi wofatsa kwambiri, ankalumikiza zigawo ndi kulongedza m'makatoni. Sikelo ikatha inkapita pa benchi ya pawindo la kumpoto, kumene dzuwa silifika ndiponso mphepo ya pakhomo sidutsa. Pamenepo pankakhala a Brenner okha. Anali ndi kabokosi kamatabwa koyala nsalu yofiira m'kati, mmene munkakhala timiyala toyesera, tina tochepa ngati njere ya mapira. Timiyalato sitinkagwiridwa ndi zala koma ndi kambaniro, chifukwa thukuta nalo limalemera. Sikelo ikanena zoona kuyambira pa kamwala kakang'ono mpaka pa kakakulu, a Brenner ankaitembenuza n'kulemba B pansi pake ndi kachitsulo kosongoka. Kachilembo kameneko ndi kamene kankagulitsa sikelo. Mlenje akakaona ankadziwa kuti pali munthu amene walumbira ndi dzina lake kuti maso ndi zala zake zitsala. Kuyambira tsiku loyamba, ine ndikatseka maso ndinkangoona W wa Wyson pamalo pamenepo.

1974

Amalume anu anafika chaka chimenechi. Ine ndizimutchula kuti Fanuelo, chifukwa pamene ndinkafunsira mayi anu n'kuti iye akuvala kabudula wong'ambika kumbuyo. Anabwera kudzaphunzira, maphunzirowo anasokonekera, n'kutsala akugona pa sofa yathu. Mayi anu anaonda ndi nkhawa ya mlongo wawo. Ndine ndinapita kwa a Brenner, chipewa chili m'manja, kukamupemphera ntchito. Ndine ndinamuphunzitsa kugwira maikolomita, kuti sufinya ngati ukutseka mpopi, umangokhudza basi. Ndine ndinamuphunzitsa kuwerenga singano diso lili pa mzere umodzi ndi iyo, osati kuiyang'anira m'mwamba. Izi ndikuzilemba kuti zidziwike, chifukwa pa maliro ake palibe amene anazitchula.

Mutu anali nawo, zimenezo sindikana, ndi manja omwe. Koma khalidwe lake linkandichititsa manyazi. Ankayang'ana bwana m'maso gwa, osaphethira, ndipo pasanathe mwezi anayamba kuwaitana ndi dzina loyamba. Ndinamukokera pambali.

"Iwe Fanuelo, munthu wa msinkhu wa bambo ako ungamamutchule dzina ngati munakulira limodzi?"

"Alamu, kuno ndi ku Canada," anatero akuseka. "Anandiuza okha. Akuti ndikamati sir amafila ngati akalamba."

Ndipo zoonadi a Brenner ankaseka naye. Ine zaka ziwiri ndinagwira nawo ntchito osaona mano awo, koma mnyamata wa pa sofa yanga anawasekesa sabata yomwe anafika. Nsanje yanga inayambira pamenepo, ngakhale kuti nthawi imeneyo ndinkatha kuibisa.

1975

Chaka chimenechi a positi ananyanyala ntchito, makatoni athu n'kuunjikana mpaka kudenga, mkuwa nawo unkavuta kupeza. Koma chimene tonse tinkachiona osachinena chinali dzanja la a Brenner. Linayamba kunjenjemera. Tsiku lina kamwala kanapulumuka pa kambaniro n'kugwera pansi, ndipo tonse tinachita kugwada kukafunafuna pansi pa mabenchi. Lachisanu la sabata yomweyo, anzanga atapita kukadya, anandiitanira pawindo paja. Kabokosi kanali kotsegula.

"Wyson, dzanja langa latha. Benchi iyi ikufuna munthu wina. Ukuifuna?"

 Ndinaimirira bwinobwino, manja kumbuyo, maso pansi, n'kuyankha mmene munthu woleredwa amayankhira. "Aa, ine bwana? Ine ndine ndani kuti ndikhale pa mpando wanu? Sindinafikepo. Alipo a maso akuthwa kuposa ine, ngakhale Fanuelo yemweyu."

Anandiyang'ana. Kenako anati, "Chabwino," n'kutseka kabokosi.

Apa ndi pamene muyenera kumvetsa, ana anga. Kwathu udindo sulandiridwa mothamangira. Umakana kaye. Umati ndine mwana, alipo akuluakulu, umatchulako ndi dzina la mnzako kuti uonetse kuti ulibe dyera. Anthu amafunsanso, amakukakamiza, wina amakugwira mkono, kenako umavomera ngati wagonja. Ku Limbe atandisankha ukapitawo ndinakana mpaka mwini shopu anachita kunditumira anthu kunyumba, ndipo aliyense anati Wyson ndi munthu waulemu. Choncho "chabwino" uja ine ndinamumva ngati chiyambi chabe. Ndinkadziwa kuti Lolemba adzafunsanso pamaso pa onse, ine n'kukanako pang'ono, Mayi Tereza n'kuwomba m'manja, nkhani n'kutha. Poweruka ndinatsikira pa sitolo, ndinagula nkhuku yaikulu, mpunga ndi zakumwa. Patebulo ndinalengeza kuti benchi ya pawindo ndi yanga. Mayi anu analuluta mpaka a fulati yoyandikana anagogoda khoma. Fanuelo anandigwira chanza ndi manja awiri, kenako anafunsa kuti, "Ndiye mwavomera, alamu?" Ndinamuyankha kuti ndakana kaye monga mmene zimakhalira. Anangoyang'ana m'mbale, ndipo ntchafu zonse ziwiri za nkhukuyo anadya ndi iye. Ntchafu zimenezo sindinaziiwale.

Lolemba ndinavala shati yoyera ndi tayi m'kati mwa ovololo. Nditangofika a Brenner anandituma kukasiya makatoni kwa munthu wa lole, popeza positi inali isanatsegule. Pobwerako ndinapeza Fanuelo atakhala pa benchi ya pawindo, kambaniro kali m'manja, a Brenner ataima kumbuyo kwake. Ndinangoti kakasi pakhomo, chitseko chili pululu, mpaka a Brenner anatembenuka n'kunena kuti, "Tseka chitseko, singano ikuvina." Tsiku lonselo ndinanola timipeni tayi ili m'khosi, osalankhula ndi munthu. Mkamwa ndinatsegula tili m'basi ndi Fanuelo.

"Unadya nkhuku yanga."

"Alamu, ndinawauza," anatero Fanuelo motsitsa mawu. "Ndinati alamu sanakane, ndi mwambo wakwathu chabe. Anati iwo zimenezo sakuzimva. Anati ndikakana inenso, a-advertise m'nyuzi abwere munthu wakunja. Ndikanatani? Bola ili m'banja."

"Ukanakana."

"Ndiye tikanaluza tonse."

"Bola tikanaluza tonse," ndinatero, ndipo ndinkanena zochokera pansi pa mtima.

Mayi anu atamva anati, "Bambo a Tadala, pitani mukawauze poyera. Kuno munthu samukakamiza chinthu chabwino." Mawa lake ndinapitadi, ngakhale kuti kudzipemphera ndekha kunkandiwawa kuposa kuzula dzino. A Brenner anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Lachisanu unati sunafikepo. Lero ukuti unafika kalekale. Zoona ndi ziti?"

"Za lero, bwana. Zija unali ulemu."

"Wyson, manja ako ndimawadziwa, n'chifukwa chake ndinayamba kufunsa iwe. Koma pa benchi iyi munthu amanena chimene singano yanena, ngakhale chikhale chomukomera iye mwini. Ine ndinakhulupirira mawu ako. Mnyamatayo ndamupatsa kale, sindingamulande."

Ndinatuluka makutu akulira. Mpaka lero ndimati mkulu uja anali wouma mutu, chifukwa ulemu ndi bodza ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo munthu wa zaka zake ankayenera kudziwa zimenezo.

1976 mpaka 1977

Izi ndi zaka zimene ntchito inachuluka kwambiri. Boma linali m'kati mosintha mamailosi kukhala makilomita, ndiye pakati pa alenje panamveka mphekesera yoti masikelo a magireni asowa. Maoda anabwera osaona kopumira. Sikelo iliyonse inkadutsa m'manja mwanga, timipeni take tonoledwa ndi ine, mizere yake yodulidwa ndi ine, n'kukatuluka pakhomo ili ndi F pansi pake. Azibambo a ku Oakville ankabwera pa magalimoto aataliatali, n'kundidutsa ine pakhomo pomwepo akufunsa kuti, "F uja ndi uti?" Wina anayamba kumamutenga Loweruka kupita naye kumalo kowomberako chandamale kuti akaone mmene zipolopolo zoyezedwa pa sikelo yake zikugwera. Nyengo ya masamba ofiira a Brenner anamutengera kumpoto kokasaka, ndipo anabwerako ndi nyama ya muusi, chinyama chija cha nyanga zotambalala. Anatibweretsera mwendo pafupifupi wathunthu. Ine ndinalengeza kuti sindidya nyama imene ilibe dzina m'Chichewa. Mayi anu anaiphika ndi anyezi, fungo linadzaza fulati yonse, ine ndili kuchipinda ndi buledi wouma. Mawa lake anapeza poto atapepuka, koma sanafunse.

Nsanje imamupatsa munthu ntchito yambiri. Ndinachita kugula timiyala tangatanga toyesera. Nthawi ya nkhomaliro, shopu ikakhala zii, ndinkatenga sikelo ya F pa tebulo la Mayi Tereza n'kuiyesa ndekha. Ndinkafuna imodzi yokha yonama. Sindikanalola kuti ipite kwa munthu, ayi, ndinkangofuna kuinyamula ndi manja awiri n'kukaiika patsogolo pa a Brenner osanena kanthu. Ndinayesa nyengo yozizira yonse, ndinayesa yotentha yonse, singano inkangoima pamzere. Tsiku lina ndinadzidzimuka Mayi Tereza ataima kumbuyo kwanga ndi kapu ya khofi.

"Wyson, wapeza?"

"Ayi."

"Ukadzapeza udzasangalala?"

Ndinabweza sikelo pa tebulo lawo, koma yankho la mumtima linali lakuti inde, ndikanasangalala kwambiri. Loweruka lina ndinafika mpaka polowa m'sitolo ya zida za ulenje n'kumatembenuza masikelo pa shelefu, mwina ndingapezepo ya B yakale yoti indipepuze mtima. Onse anali a F, ndipo wogulitsa anayamba kundilondola akuganiza kuti ndine wakuba.

Fanuelo anachoka pa sofa yathu, anapeza nyumba ku Brampton, anagula galimoto, anakwatira azakhali anu a Naphiri. Masiku amenewo Amalawi kuno tinali owerengeka, moti tikasonkhana tinkaphatikizana ndi anzathu a ku Zambia kuti chipinda chidzaze. Pa misonkhano imeneyo anthu ankamupatsa mpando wabwino n'kumamufunsa za ntchito. Chimene chinandipweteka kuposa zonse chinachitika pa chinkhoswe cha mwana wa anzathu ena. Mkulu woyendetsa mwambo polandira alendo anafika pa ine n'kunena kuti, "Awa ndi alamu ake a Fanuelo." Munthu ndinamupezera ntchito ndine, lero dzina langa likudziwika kudzera mwa iye. 

1978

Chaka chimenechi a Brenner anapuma n'kusiya shopu m'manja mwa Fanuelo. Tsopano Fanuelo anali wa mafoni, wa makasitomala, wothamangira mkuwa uku ndi uko, ndipo sakanatha kukhala pawindo tsiku lonse. Lamulungu lina titachoka kutchalitchi anabwera kwathu ndi a Naphiri. Sofa ija anagonapo zaka ziwiri anaikana, n'kukhala pa kampando kakang'ono ka Tadala, mawondo ali m'mwamba. Anawomba m'manja mwaulemu, kenako anatulutsa kabokosi kamatabwa kaja n'kukagwira ndi manja awiri.

"Alamu, benchi ija inali yanu kuyambira kale. Ndabwera kudzaibweza."

"Ine ayi," ndinatero. "Pezani wina."

Anamwetulira, chifukwa iye mwambo ankaudziwa. "Ndamva, alamu. Ndibweranso."

Anabweradi. Anabweranso. Anatuma mkulu wa mpingo kudzandinyengerera. Zonse zimene ndinkayembekeza kwa a Brenner, mnyamatayu anazichita mwadongosolo lake, osadumpha ngakhale chimodzi. Koma mtima wanga unali utauma. Kulandira chinthu chako m'manja mwa amene anachitenga, n'kuwombanso m'manja kuthokoza, sizinkandilowa. Ndikakhala pa benchi ija, W wanga akanakhala pansi pa sikelo chifukwa F walola. Ndipo ndinene poyera, kupemphedwa kumakoma. Zaka zitatu ndinamuona iye akutamandidwa, tsopano ndinkamuona atakhala pa kampando ka mwana akundichonderera, ndipo sindinkafuna kuti zithe msanga.

Nthawi yomweyo fakitale ina ya zida za magalimoto ku Oakville inkafuna munthu woyeza zitsulo. Apa ndi pamene ndinavutika kusankha kuposa nthawi ina iliyonse pa ntchito. Shopu ija ndinkaikonda, fungo la mafuta ake, bata lake, ngakhale kulira kwa fayilo yanga yonolera timipeni. Koma kukhalabe kunkatanthauza kumuona mlamu wanga akulowa m'mawa uliwonse ndi makiyi a bwana. Ndinaganiza kuti ndikachoka ndi pamene adzadziwe kulemera kwanga. Mayi anu sanandibisire mawu.

"Bambo a Tadala, mukusiya ntchito imene mumaikonda kuti mumukhaulitse Fanuelo. Koma wodikira sitima mu sinowo m'mawa uliwonse mukhala inuyo, osati iye."

Ndinawauza kuti akuikira kumbuyo mlongo wawo, ndipo sabata imeneyo m'nyumba tinkalankhulana kudzera mwa Tadala. Ndinachoka kumapeto kwa chilimwe. Mayi Tereza anandipatsa mpango wa m'khosi woluka okha, akuti kusiteshoni kumazizira.

1979

Ku fakitale kunalibe windo la kumpoto. Kunali phokoso lotseka makutu ndi lamba wosaima. Ntchito yanga inali kutenga chitsulo, kuchilowetsa m'geji, chikalowa chipite uku, chikakana chipite uko, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Podinda sankadinda dzina la munthu koma nambala, ndipo nambalayo tinkagawana ndi wa shifiti ina amene sindinamuonepo nkhope. Fanuelo sanasiye kupempha. Anapempha pa Pasaka. Anapempha pa ubatizo wako, Mphatso, keke isanadulidwe n'komwe. Benchi ija sanaipatse munthu. Ankalawirira yekha kukayesa masikelo asanayambe za muofesi, moti maso ake ankakhala ofiira nthawi zonse. Ine ndinkakana, n'kubwerera kunyumba mtima uli mbee, ndikudziwa kuti mpando wanga ukundidikira.

Pofika Novembala ndinali nditatopa. Mawondo ankawawa ndi kuima, makutu ankalira ngakhale Lamulungu, ndipo ndinaona kuti mnyamatayo walangika mokwanira. Ndinauza mayi anu kuti akadzapemphanso pa Khirisimasi ndidzavomera. Anafuna kuthamangira pa foni, koma ndinawaletsa mwamphamvu, chifukwa chinthu chiyenera kubwera m'njira yake. Ndinatola kachidutswa ka mkuwa, ndinanola msomali, n'kumayeserera kulemba W pa tebulo la kukhitchini. Ndinkafuna W wowongoka, wa miyendo yofanana, woti akakhala pafupi ndi F, aliyense aone kusiyana. Atakongola mmene ndinkafunira, kamkuwako ndinakaika m'thumba la jekete ya suti.

Khirisimasi tinachitira m'chipinda chapansi cha tchalitchi ku North York. Azimayi anali pikitipikiti ndi mbale, anzathu a ku Zambia atayambitsa kale nyimbo, ana mukuthamangathamanga pakati pa mipando. Titangomaliza kupemphera Fanuelo anandikodola. Tinatulukira m'kanjira kopachikamo majasi, pansi pali madzi a sinowo yosungunuka ku nsapato za anthu. Ndinakonza tayi. Ndinali nditakonzeka kukanako kamodzi mopepuka, kuti zisaoneke ngati ndimadikira.

"Alamu, ndikufuna kupepesa," anatero. "Nthawi yonseyi ndakhala ndikukuvutitsani. Ndimaganiza kuti ndi kukana kwa mwambo. Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza kuti, a Brenner analakwa posamva ulemu wanu, koma inenso ndikulakwa posamva ayi wanu. Munthu wamkulu akakana mpaka kusiya ntchito, ndiye kuti wakanadi. Ndamva tsopano. Sindidzakuvutitsaninso."

Ndisanatsegule pakamwa, anapitiriza.

"Benchi ija ndawapatsa Mayi Tereza, ayamba Januwale. Nditawafunsa anangoti yes, osadikira n'komwe kuti ndimalize."

Dzanja langa linali m'thumba litafumbata kamkuwa kaja. Mawu oti ndavomera anali pa lilime penipeni. Ndikanatha kunena, ndipo mwina akanapeza njira, chifukwa mtima wake unali wofewa. Koma zikanatanthauza kudzipemphera ndekha kachiwiri, kwa mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira maikolomita, ndiponso kulanda mzimayi amene anandilukira mpango. M'chipinda muja anayamba nyimbo ina, munthu wina anadutsa pakati pathu kufuna jasi yake, ndipo tinachita kumupatsa njira.

"Mwachita bwino, alamu," ndinatero.

Aka kanali koyamba kumutchula choncho. Anandikumbatira mwamphamvu ngati watula katundu, n'kubwerera kukavina. Nditalowa, mayi anu anandiona nkhope ali kutsidya kwa chipinda, n'kuika pansi mbale imene ananyamula.

Ku fakitale kuja ndinagwirako mpaka ndinapuma. Masikelo a shopu ija akadalipo m'nyumba za anthu, chifukwa anali olimba. Mukadzaipeza ina yobiriwira pa malonda a zinthu zakale, muitembenuze. Mudzapeza B, kapena F, kapena T wa Mayi Tereza. Timipeni ta ambiri mwa masikelowo ndinanola ndine, koma zimenezo sizilembedwa. W alipo mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi, ndipo ndi uja ali pa kamkuwa ka pa makiyi anga, kamene iwe Mphatso unkakonda kuluma ukumera mano.

Amalume anu anali munthu wabwino. Aliyense amatero, inenso ndinatero pa maliro awo, ndipo sindinaname. Koma a Brenner ndimawakhululukira chifukwa anali mlendo pa zathu. Fanuelo anali wakwathu, mwambo ankaudziwa, nkhuku yanga anadya. Akanangofunsanso kamodzi kokha.